Chaka Chimene Ananditcha Wodzikonda

Filomena ndi Dalitso, ana anga, mutu uno ndaulemba katatu. Kawiri konse ndinang'amba mapepala chifukwa mkwiyo unkachuluka kuposa nkhani. Ndikulemba nditatsegula makope anga akale pambali, aja munkandiseka nawo kuti amai amalemba ngakhale tsiku limene nkhuku yaikira. Ndinayamba kulemba m'makope ndili mtsikana wa sukulu ku Katondwe, chifukwa pakamwa panga panali polemera. Aphunzitsi akandiloza, mawu ankathawira m'mimba, ndiye zimene ndalephera kuyankha m'kalasi ndinkakaziyankha m'kope. Ndinalowa nalo khalidwe limeneli pa ntchito ya unesi ndipo ndapuma nalo. Powerenga makopewa ndapeza mawu amodzi amene ananditsata pa ntchito yonse ngati ntchentche pa dengu la nsomba: wodzikonda.

Chaka choyamba, pa Boma

Ntchito ndinayambira pa kiliniki ya pa Boma, ndili ndi yunifomu imodzi yokha imene ndinkachapa madzulo n'kuivalanso m'mawa. Pa nthawiyo mawu akuti wodzikonda ndinkawadziwa monga mmene amai anga ankawanenera. Kwa iwo nkhani inali ya chakudya basi. Wodzikonda anali munthu wochokera kudoko ndi pende m'dengu ataphimba ndi masamba, n'kudzera njira ya kuseri kuti anansi asaone. Panali mawu ena apachibale. Waumbombo anali wotapa ndiwo zambiri m'mbale ya onse, womana anali amene wapemphedwa n'kukana. Koma wodzikonda anali woipa kuposa awiriwa, chifukwa iye ankakonza moyo wake kuti pempho lisamufike n'komwe. Pa maliro a munthu wotere anthu ankabwera ndithu, koma nkhuni ankabweretsa zochepa. Kusukulu mawuwa ndinawapeza atavala zina. Pa katekisimu anatiphunzitsa kuti kudzikonda ndi tchimo la mumtima, la mtsikana wochedwa pagalasi. Anzanga a m'chipinda chogona nawonso ankawagwiritsa ntchito mwa njira yawo. M'kope langa loyamba muli mzere uwu: "Lero andinena kuti ndine wodzikonda chifukwa ndakana kuti awerenge kope langa. Sindinawamane chakudya. Ndalirira kuseri kwa thanki."

Pa Boma zinali zaka za kusowa kwa zinthu. Sopo, shuga ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo zikafika mzere unkayamba tambala asanatsike. Mawu aja anasinthanso. Wodzikonda tsopano anali amene wamva kuti sopo wafika n'kupita kukaima pa mzere osauza mnansi. Sista wamkulu amene ndinayamba naye anali mai wokalipa koma wolungama. Ndiye anandiphunzitsa kuwiritsa masingano pa mbaula, kudula bandeji pakati kuti ikwanire awiri, ndi kusalonjeza wodwala chinthu chimene mulibe m'kabati. Tsiku lina anandipeza ndikunong'oneza wodwala malangizo a mankhwala. Anati, "Iwe mwana, ukupemphera kapena ukulangiza? Kweza mawu. Manyazi ako adzapha munthu." Ndinakwiya, ndinakalemba m'kope kuti ndi wankhanza. Lero ndikanakonda kufufuta mzerewo.

Chaka chachisanu ndi chinayi, kumtsinje

Ananditumiza ku kiliniki yaing'ono ya m'mbali mwa Zambezi, cha ku Kavalamanja. Atate anu anali pa ntchito ku Kafue, ankabwera pa tchuthi chokha, choncho ndinapita ndi inu awiri, Filomena uli ndi zaka zisanu ndi zitatu, Dalitso zinayi. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa kiliniki. Ogwira ntchito tinali awiri: ine ndi a Mulenga, kiliniko ofisa wochokera ku migodi, amene anthu ankawatcha adokota. Apa ndiyenera kupuma kaye ndisanalembe, chifukwa bambo amenewa amandikwiyitsabe. Honda, njinga yamoto ya kiliniki, ankanyamuka nayo Lachisanu kupita ku Boma, kubwera Lachiwiri mafuta atatha. Azimayi obereka, ana a malungo, asodzi obayidwa ndi mbedza, onse anali anga. Koma akakhalapo, aliyense wopempha nyeleti ankamubaya, wopempha mapilisi ankamutapira m'pepala, adwale asadwale. Ndiye midzi yonse inkati, "Adokota ndi munthu wa anthu." Munthu wotenga honda ya odwala n'kukaimika pa malo omwera mowa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamutchulapo kuti wodzikonda. Ankapatsa, basi nkhani yatha.

Chaka chimenecho tinalandira amake Sabina, mai woumitsa nsomba ndi kulima dimba, wa m'mudzi wa mtunda wa maola awiri kuchoka pa kiliniki. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambique. Kuchipatala cha ku Katondwe anawapeza ndi chifuwa chachikulu, n'kuwatumiza kuti azimwera mankhwala kwa ife, kufupi ndi kwawo. Wodwala chifuwa chachikulu aliyense ankakhala ndi bokosi lake la mapilisi lolembedwa dzina, ndipo lamulo linali loti miyezi iwiri yoyamba azimwa pamaso pa nesi tsiku lililonse. Koma mai aja anali atatheratu, ndipo njira ya kumudzi kwawo inkadutsa njovu. A Mulenga anati, "Apaseni chabe ya masabata awili, Sista. Ni akulu, azamwa." Ndinadziwa kuti si bwino. Ndinatsegula pakamwa, mawu anathawira m'mimba monga kale, ndipo ndinawapatsa. Cholakwa chimenecho ndi changa, sindichikankhira kwa wina.

Okutobala, chaka chomwecho

Kunkatentha moti malata a kiliniki ankalira okha. Lolemba lina kunabwera mai wina dzina lake amake Juliyo, akunjenjemera, akuti akukodza magazi. Kumtsinje likodzo si lachilendo, ndiye ndinawapatsa kabotolo. Atabwera nako ndinangokayang'ana. Sanali magazi. Mkodzo wonse unali wofiirira ngati madzi osungunulira katondo, ndipo pa mankhwala onse amene tinali nawo, amodzi okha ndi amene amachita zimenezo: aja a chifuwa chachikulu. Dzina la amake Juliyo silinali pa bokosi lililonse.

"Amai, mwamwa chiyani?"

"Palibe, a Sista. Madzi chabe."

"Madzi a mu Zambezi sasanduka chonchi. Wakupatsani mapilisi ofiira ndani?"

Anayang'ana zala zawo za kumapazi kwa nthawi. Kenaka anati, "Mnzanga anandimva ndikutsokomola. Nanga akanatani? Amwe yekha?"

Sabata isanathe kunabweranso azimayi awiri a mudzi womwewo ndi vuto lomwelo. Lachitatu m'mawa, a Mulenga atabwera ndi honda yawo yopanda mafuta, ndinatsagana ndi azimayi obwerera kumadimba mpaka kumudziko. Amake Sabina ndinawapeza pamphasa pansi pa mtengo wa masau, ataonda kuposa mmene ndinawaonera, mapewa ngati mpini wa khasu. Pambali pawo panali lichero, ndipo m'licheromo munali timapepala topindapinda, kalikonse ndi pilisi limodzi mkati. Ankagawa mankhwala monga momwe timagawira mchere. Pa mapilisi a tsiku, iwo ankamwa limodzi, enawo ankapita kwa amake Juliyo, kwa azimayi awiri aja, ndi kwa nkhalamba ina ya mphumu. Ndinakhala pansi pafupi nawo.

"Amake Sabina, mukudzipha."

"Inu a Sista, mwabadwira konkuno," anatero, akupuma movutika. "Munthu angamwe mankhwala pakhonde mnzake akutsokomola kuseri kwa mpanda? Pamene ndinagona, ankanditungira madzi ndani? Amake Juliyo. Anandithirira dimba ndani? Omwewo. Lero ndapeza mankhwala amphamvu, ndiwabise? Anditche chiyani pamudzi pano?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati mankhwalawa ali ngati ukonde, mukaudula pakati kuti mugawane, nonse simugwira kanthu. Anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Ukonde timabwerekana, a Sista." Ndinati matendawa akazolowera mankhwala ochepa amalimba, pambuyo pake ngakhale mumwe bokosi lonse sakumvanso. Anati, "Ndiye Mulungu adzaona." Mai ameneyu sanali wopusa, ana anga. Ankadziwa bwino kuti akhoza kufa. Koma imfa ankaiopa pang'ono kuyerekeza ndi dzina lija. Ndinatola timapepala tonse m'lichero n'kuika m'thumba la yunifomu, azimayi ataima m'makonde akundiyang'ana. Ndinapempha onse amene anamwako kuti abwere adzapereke makhololo tikawapime.

Nditafotokozera a Mulenga, anaseka. "Awe Sista, muli na kaso maningi. Mapilisi ni ya boma, si yanu. Tengani mu bokosi ina muwapase." Kaso ndi mawu amene anabwera nawo kuchokera ku migodi, otanthauza kuuma manja. Ndinawafunsa kuti bokosi linalo mwini wake adzamwa chiyani. Anati, "Tizaona kusogolo." Ndinawafunsa ngati ndingatenge honda m'mawa uliwonse ndikawamwetse kumudzi. Anati honda ndi ya ofesi yawo. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba pa ntchito, ndinakweza mawu mpaka odwala a pabenchi anatembenuka. Sizinathandize kanthu, koma ndinakweza.

Njira zinali zitatu ndipo ndinazilemba m'kope. Kuwabweza kuchipatala: amake Sabina anali atanena kale kuti akawakakamiza adzakwera bwato la mwadiya n'kuwolokera kwa abale awo kutsidya, kumene sindikanawapezanso. Kuwatsata kumudzi wapansi tsiku lililonse: maola anayi kupita ndi kubwera, kiliniki itatsekedwa, mai wobereka akudikira pakhomo. Njira yachitatu ndinailemba n'kutseka kope msanga, ngati wina aiona. Kiliniki inalibe chipinda chogonekamo odwala kupatula cha azimayi obereka, ndipo munthu wa chifuwa chachikulu sungamugoneke pafupi ndi makanda. Chipinda chokhacho chimene chinalipo chinali chanu. Koma iwe Dalitso unali wa chifuwa chofooka chibadwire, sukanakhala nyumba imodzi ndi matendawo.

Loweruka ndinakukwezani lole ya mphasa ndi nsomba zouma yopita ku Katondwe, kwa amai anu aakulu a Rozina. Dalaivala ndinamupatsa kalata ya kuchipatala yofotokoza zonse, ndi cholakwa changa chomwe, ndipo pobwera ananditengera mankhwala oti tiyambirenso. Dalitso unkasangalala ndi lole. Koma iwe Filomena unagwira diresi langa n'kundifunsa, "Amai, mukutithamangitsa chifukwa cha munthu wa eni?" Ndinati ndi miyezi iwiri yokha. Unati, "Miyezi iwiri ndi masiku angati?" Nditakuuza, unasiya diresi, unakwera wekha, ndipo lole ikunyamuka sunacheuke. Ndikudziwa kuti ukukumbukira, chifukwa unandikumbutsa pa tsiku la ukwati wako, moseka koma osaseka.

Novembala ndi Disembala

Amake Sabina anabwera pa ngolo ya ng'ombe, atanyamula mphasa ndi kampoto kawo, nkhope ili gwa. Anavomera chifukwa mwamuna wawo anawachonderera, osati chifukwa cha ine. Mapilisi ndinawatsekera m'thiranki langa, kiyi n'kumangirira pa chingwe m'khosi. Nkhani ya kiyi imeneyi inayenda midzi yonse mofulumira kuposa moto wa lupsa. Ankati Sista walanda mankhwala a anthu, wawatsekera m'nyumba mwake, akupatsa amene wamukonda yekha. Pa mjigo ndikafika, macheza ankaduka. Ogulitsa nsomba anasiya kuima pakhomo panga. Mai wina anandiuza pamaso, ndikumumanga bala mwana wake: "Adokota akanakhala okha kuno tikanachira tonse. Inu ndinu wodzikonda." Ndinamaliza kumanga balalo bwinobwino. Ndikanatani?

Ndipo sikunali kumudzi kokha. A Rozina ananditumizira uthenga pa dalaivala uja: "Mukamuuze mng'ono wanga kuti kukonda ntchito kuposa ana ako, kudzikonda kwake n'komweko. Akufuna amutame ndani?" Atate anu nawo analemba kalata ya mizere isanu, mawu aja ali pa mzere wachitatu. Taonani tsono. Kumudzi ndinali wodzikonda chifukwa chokana kugawa. Kwathu ndinali wodzikonda chifukwa chogawa chipinda cha ana anga. Mawu amodzi omwewo, akundimenya mbali zonse ngati mbuzi yolowa m'dimba la anthu awiri. Aliyense amene sanapeze kwa ine chimene ankafuna anatola mawuwo n'kundiponyera. A Mulenga okha ndi amene ankayenda opanda banga, honda ikulira.

M'nyumbamo nkhondo inali ya m'mawa uliwonse. Ndisanatsegule kiliniki ndinkatenga kapu ya madzi, kuika mapilisi m'dzanja lawo, n'kuima pomwepo. Sabata yoyamba ndinaona kuti alendo awo amakonda kubwera m'mamawa, atanyamula phala, n'kumazungulira kuseri kwa nyumba. Tsiku lina nditatuluka ndinabwereranso mwadzidzidzi, ndinapeza amake Sabina akulavulira pilisi m'kansalu. Ankalibisa m'tsaya kuti apatse mlendo. Ndinafuna kulira ndi kuwagwedeza nthawi imodzi. Kuyambira tsikulo ndinayamba kunena mawu amene sindinaganizepo kuti ndingauze munthu wamkulu kuposa ine: "Asamani. Tukulani lilime." Alendo ndinawaletsa kufika dzuwa lisanakwere.

"Ndine mbuzi kodi, kuti muzindiyang'ana m'kamwa?" ankatero.

"Mbuzi imameza, amai. Asamani."

"Msilikali wa mkazi. Amuna anu anathawira ku Kafue, n'chifukwa chake."

Ndinkawasiya anene, bola ameze. Mvula yoyamba itagwa, chifuwa chinayamba kuphwa. Anayamba kudya, kenaka kudandaula kuti ndiwo zanga n'zosakoma, kenaka kundilanda mphika. Tsiku lina ndinabwera kudzadya masana n'kuwapeza pakhonde akusoka diresi lako la buluu, Filomena, limene unalisiya litang'ambika m'khwapa. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Mwana uyu akabwera adzapeza lamuchepera." Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pa bedi mpaka nkhope itauma.

Miyezi iwiri itakwana tinatumiza makhololo awo kuchipatala, ndipo yankho linabwera labwino. Anabwerera kumudzi akuyenda ndi miyendo yawo. Ndinatsuka chipinda chanu, kuyanika zonse padzuwa masiku atatu, ndipo munabwera Khirisimasi itayandikira. Dalitso unali utaiwala kale. Filomena unatha sabata osandilankhula, ukangofuna kanthu unkatuma mlongo wako.

Chaka chotsatira

Mankhwala anali asanathe, panatsala miyezi ina isanu ndi umodzi, ndipo ndinakana kuwapatsa oti akamwere kunyumba. Ankabwera m'mawa uliwonse pamodzi ndi azimayi a kumadimba, akung'ung'udza njira yonse kuti Sista adzawamaliza miyendo. Sanajombe tsiku ndi limodzi lomwe. A Mulenga anasamutsidwa chapakati pa chakacho, ndipo midzi inawaperekeza ndi nkhuku, mphasa ndi mcheni wouma wodzaza thumba. Ine ndinawathandiza kumanga katundu. Mwa anthu aja amene ndinawapempha makhololo, azimayi awiri anabwera n'kupezeka alibe matendawa. Amake Juliyo anakana. Anati sangaponde pa kiliniki ya munthu wodzikonda, ndipo uthenga uliwonse umene ndinatumiza unabwerera wopanda yankho.

Tsiku lomaliza amake Sabina anameza, anaasama okha ndisanawauze, n'kutulutsa lilime lonse ngati mwana wonyoza. Ndinawauza kuti pepala lomaliza la kuchipatala labwera, achira. Anasisita maondo. Ndinkayembekeza kuti mwina athokoza. Anasuzumira m'bokosi lawo n'kunena kuti, "Manje popeza ndachira, otsalawo ndipatseniko. Amake Juliyo ayamba kulavula magazi."

Ana anga, miyezi isanu ndi itatu! Ndinagwira thebulo kuti ndisakuwe. Ndinatembenuza bokosi kuti aone kuti mulibe kanthu. Ndinati, "Ngakhale akanatsala sindikanakupatsani. Mukufuna mnzanu achire monga mwachirira inu? Mukudziwa njira yake. Bwerani naye." Anati sangavomere. Ndinati, "Inu munavomera?" Anamanga chitenje, n'kutuluka osatsazika.

M'mawa mwake ndikusesa pakhonde ndinamva phokoso kunjira. Amake Sabina ankakoka amake Juliyo pa dzanja ngati mwana wokana sukulu, wina akutukwana, wina akukoka. Makhololo anapita kuchipatala, yankho linabwera monga ndinkaopera, ndipo bokosi linafika lolembedwa dzina lawo. Ndinayamba kuganiza za chipinda chanu kachiwiri, mtima ukuwawa. Amake Sabina anati, "Ana asiyeni, a Sista. Uyu ndi wanga. Ndizibwera naye, akalephera ndizimubereka."

Tsiku loyamba ndinaika mapilisi m'dzanja la amake Juliyo n'kuwapatsa madzi. Anameza, kapena anachita ngati ameza, n'kuyamba kudzuka. Ndisanatsegule pakamwa, amake Sabina anali atawagwira kale chibwano.

"Asama, iwe."

"Iwenso, amake Sabina? Wasanduka wodzikonda ngati Sista wakoyu?"

"Unditche zimene ufuna. Tsaya limenelo ndikulidziwa, ndinabisamo ine. Tukula lilime."

Pilisi linali pomwepo, pansi pa lilime, litayamba kusungunuka. Amake Sabina anatenga kapu m'manja mwanga n'kuidzazanso okha.